TISUNGE APHUNZITSI ATHU

Nkhani yokambidwa kwa ophunzira a sukulu za akulu m'boma la Molumbo



Lero tikambirana za mphunzitsi wa ana athu. Funso lathu ndi ili: kodi tichite chiyani kuti mphunzitsi wabwino akafika pa sukulu ya m'mudzi mwathu, akhale nafe zaka zambiri?

Tonse tikudziŵa m'mene zimakhalira. Chaka chikayamba, pa sukulu pamafika mphunzitsi watsopano. Wachokera ku Mocuba, ku Gurue kapena ku Quelimane. Ana amamukonda. Pofika nthaŵi yokolola, ana amayamba kuŵerenga. Chaka chimatha, chinanso chimatha. Kenaka timangomva kuti aphunzitsi aja alemba kalata yopempha kusamuka. Akapita, ana amakhala miyezi opanda wowaphunzitsa, kapena amaphatikizidwa ndi kalasi ina. Wina akafika, amayambiranso pachiyambi.

Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife sitifuna kuti mphunzitsi akhale mame. Tifuna akhale mnansi wathu.

KUMENE TACHOKERA

Tiyambe takumbukira kumene tachokera.

Dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Nthaŵi imeneyo, mwa anthu 100 alionse, opitirira 90 sanali kudziŵa kuŵerenga ndi kulemba. Aphunzitsi ambiri Achipwitikizi anabwerera kwao. Pa 24 Julayi chaka chomwecho, Boma linatenga masukulu onse kukhala m'manja mwake. Ana anadzaza m'masukulu, ndipo m'zaka zochepa chiŵerengero chao chinaŵirikiza kaŵiri. Koma aphunzitsi anali ochepa.

Pa 8 Malichi 1977, Pulezidenti Samora Machel anaitana anyamata ndi atsikana a m'makalasi apamwamba kuti asiye kaye maphunziro ao, akagwire ntchito zimene dziko linali kusoŵa. Ambiri a iwo anakhala aphunzitsi. Anatumizidwa kutali ndi kwao, kumene sanali kudziŵa munthu. M'chaka cha 1978 Boma linayambitsa ntchito yaikulu yophunzitsa akulu kuŵerenga ndi kulemba m'dziko lonse. Nduna ya zamaphunziro inali Mayi Graça Machel. Sukulu yathu ino ya akulu ndi mdzukulu wa ntchito imeneyo.

Kenaka kunabwera nkhondo. Masukulu a pulayimale opitirira theka m'dziko muno anaonongedwa kapena kutsekedwa. Aphunzitsi ena anaphedwa, ena anagwidwa, ena anathaŵa. M'chaka cha 1986 nkhondo inafika poipa kuno kwathu. Anthu a ku Milange ndi midzi yozungulira anathaŵira ku Malaŵi. Pofika 1992, anthu a dziko lino okhala ku Malaŵi anali okwana 1 miliyoni. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anayamba kubwerera ku mabwinja ao.

Ambiri a ife tili m'kalasi muno tinali ana masiku amenewo. Nzeru tinali nazo. Chimene tinasoŵa ndi mphunzitsi. N'chifukwa chake lero tikuphunzira kugwira pensulo tili ndi imvi. Palibe amene angatiuze ife kuŵaŵa kwa mudzi wopanda mphunzitsi. Tikukudziŵa.

PAMENE TAFIKA

Zinthu zambiri zasintha. Kuyambira 2005 ana salipira pa sukulu ya pulayimale. M'chaka cha 2013 Molumbo anachoka pansi pa Milange n'kukhala boma palokha. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 9. Kalembera wa anthu wa 2017 anapeza kuti akulu osadziŵa kuŵerenga anatsika kufika 39 mwa 100 alionse. Koma pakati pa amayi anali adakali 49 mwa 100.

Masukulu achuluka, ana achuluka. Nanga kuphunzira kwenikweni kukuchitika?

M'chaka cha 2016 Unduna wa zamaphunziro unayesa ana a kalasi 3 m'dziko lonse. Unapeza kuti mwa ana 100, pafupifupi 5 okha ndiwo anali kuŵerenga monga ayenera kuŵerengera. M'chaka cha 2014 anthu ofufuza a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse anayendera masukulu a pulayimale mosachenjeza. Anapeza kuti mwa aphunzitsi 100, okwana 45 panalibe pa sukulu tsiku limenelo. Atabweranso mu 2018, anapeza kuti ojomba atsika kufika 28. Anaonanso kuti pa sukulu pamene mphunzitsi wamkulu palibe, aphunzitsi enanso amajomba kwambiri.

Manambala aŵa akutiuza zinthu ziŵiri. Choyamba, kumanga chipinda sikukwanira. Mwana saphunzira kwa khoma, amaphunzira kwa munthu. Chachiŵiri, zinthu zimatheka kusintha. Kuchokera pa 45 kufika pa 28 m'zaka 4 ndi umboni wakuti anthu akamayang'anira sukulu, aphunzitsi amapezeka m'kalasi.

MPHUNZITSI AMAKHWIMA NDI ZAKA

Wina angafunse kuti, "Akachoka uyu, si abweretsa wina? Vuto lili pati?"

Vuto lilipo. Taganizani za mtengo wa mango. Mukaubzala chaka chino, simudya zipatso chaka chamaŵa. Mukamauzula chaka ndi chaka n'kubzala wina, mudzakalamba osalaŵa bango. Mphunzitsi ali chimodzimodzi.

Chaka choyamba, mphunzitsi wochokera kutali amakhala akuphunzira ife. Mwina sadziŵa Chicheŵa, sadziŵanso Chilomwe. Mwana wa zaka 6 naye sadziŵa Chipwitikizi. Aŵiriŵa amangoyang'anana. Chaka chachiŵiri, mphunzitsi amayamba kumva chinenero chathu. Chaka chachitatu, amadziŵa mwana aliyense ndi kwao. Amadziŵa kuti uyu ndi wamasiye, uyu samva bwino khutu limodzi, uyu amaoloka mtsinje pobwera ku sukulu. Amadziŵa kuti mwezi wa Febuluwale ana ambiri amabwera osadya. Amadziŵa khomo loti agogode mwana akasoŵa masiku atatu.

Nzeru zimenezi sizilembedwa m'buku. Mphunzitsi akasamuka amapita nazo. Wobwera m'malo mwake amayamba wopanda kanthu. Sukulu imene imasintha aphunzitsi chaka ndi chaka imakhala ndi aphunzitsi ongoyamba kumene mpaka kalekale. Olipira mtengo wake ndi ana athu.

KU TAUNI NAKO KULI MAVUTO

Tisaganize kuti vutoli ndi la kumudzi kokha. M'mizinda ngati Quelimane, Nampula ndi Maputo, masukulu a Boma ndi odzaza kwambiri. Ena amaphunzitsa magulu atatu pa tsiku: la m'maŵa, la masana ndi la madzulo. Gulu lililonse limaphunzira maola ochepa. M'zipinda zina mumakhala ana opitirira 80. Lendi ya nyumba ndi yokwera, chakudya n'chogula, madzi ndi ogula. Mphunzitsi wa m'tauni amathamanga uku ndi uku kuphunzitsa ana apadera kuti ndalama ikwane. Waluso kwambiri amakopedwa ndi masukulu olipira, kapena amasiya uphunzitsi n'kuloŵa ntchito ina.

Choncho aphunzitsi amayenda ngati madzi otsetsereka. Wa sukulu yakutali ngati za ku Corromana amafuna kubwera pa boma. Wa pa boma amafuna Milange kapena Gurue. Wa ku Milange amafuna Mocuba kapena Quelimane. Wa ku Quelimane amafuna ntchito ya mu ofesi. Sukulu yosauka, kaya ili m'tauni kaya ili kumudzi, ndiyo imatsala youma.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ife tili nacho, chimene a m'tauni alibe. Ife tili ndi malo, dothi loumbira njerwa, chimanga m'nkhokwe, ndiponso timadziŵana. Zimenezi ndi mphamvu yathu.

CHIMACHOTSA MPHUNZITSI N'CHIYANI?

Munthu sathaŵa pabwino. Tiyeni tiŵerenge zimene zimachotsa mphunzitsi.

Choyamba ndi nyumba. Mphunzitsi wina amafika n'kupeza palibe pogona. Amagona m'kalasi, kapena m'kanyumba kodontha. Mabuku ake amanyowa. Mkazi wake ndi ana amatsala ku tauni. Mtima wake umakhala kumene kuli banja lake. Lachisanu amanyamuka msanga, Lolemba amafika mochedwa. Ana ataya masiku aŵiri sabata iliyonse.

Chachiŵiri ndi madzi ndi chipatala. Chitsime chikakhala kutali, ndipo mwana akadwala malungo usiku popanda womunyamula, mphunzitsi amayamba kuŵerenga masiku.

Chachitatu ndi malipiro. Malipiro amadzera ku banki, ndipo wa sukulu yakutali amataya tsiku kapena masiku pokatenga. M'chaka cha 2022 Boma linakhazikitsa ndondomeko yatsopano ya malipiro a antchito ake onse, yotchedwa TSU. M'zaka za 2023 ndi 2024 aphunzitsi m'zigawo zambiri anadandaula kuti ndalama za maola owonjezera zinachedwa nthaŵi yaitali, ndipo ena ananyanyala ntchito. Munthu wogwira ntchito ya anthu aŵiri, koma osalandira zake, amafooka.

Chachinayi ndi kuchuluka kwa ana ndi kusoŵa kwa zipangizo. M'chigawo chathu cha Zambezia si zachilendo mphunzitsi mmodzi kukhala ndi ana opitirira 60. Ena amaphunzitsira pansi pa mtengo. Mvula ikabwera, sukulu yatha. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anasasula ndi kugwetsa zipinda zambiri m'chigawo chino ndi tsidya lija ku Mulanje ndi Phalombe.

Chachisanu ndi maphunziro. Mphunzitsi wabwino amafuna kupitiriza kuphunzira kuti akwere pa ntchito. Yunivesite ya Licungo, imene inakhazikitsidwa mu 2019, likulu lake lili ku Quelimane, makilomita opitirira 300 kuchokera kuno. Ambiri amapempha kusamuka kuti akakhale pafupi ndi sukulu zoterezi.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kusungulumwa. Ichi sichioneka ndi maso, koma chimapweteka. Mlendo amene sapatsidwa moni, amene saitanidwa pa ukwati, amene amamukwezera mtengo wa nkhuku chifukwa amalandira malipiro, amadziŵa kuti pano si pake.

Mwa zisanu ndi chimodzizi, zina ndi za Boma, zina ndi zathu. Tizisiyanitse bwino, kuti aliyense asenze katundu wake.

MBALI YA BOMA

Kulemba aphunzitsi ntchito ndi udindo wa Boma. Kulipira malipiro pa nthaŵi yake ndi udindo wa Boma. Kutumiza mabuku, kumanga zipinda zolimba, kukonza miseu ndi milatho, kukumba mijigo, zonsezi ndi za Boma. Ife sitingaloŵe m'malo mwa Boma. Koma tili ndi ufulu wofunsa, ndipo tiyenera kufunsa mwaulemu ndi mosatopa.

Maiko ena anayesa kupatsa mphunzitsi wa kutali ndalama yapadera. Ku Gambia, dziko laling'ono la kumadzulo kwa Africa, kuyambira 2005 aphunzitsi a masukulu akutali anayamba kulandira 30 mpaka 40 pa 100 iliyonse pamwamba pa malipiro ao. Zotsatira zake, aphunzitsi ophunzira bwino anachuluka m'masukulu amenewo. Anansi athu a ku Malaŵi anayambitsa ndalama ya aphunzitsi a kumidzi mu 2010. Koma inali yochepa, ndipo ambiri anali kuilandira, ngakhale okhala pafupi ndi misika ikuluikulu. Choncho sinakoke anthu kupita kumene kunali kovuta kwenikweni. Phunziro lake ndi ili: ndalama yotere ikhale yooneka, ndipo ipite kwa amene alidi kutali. Tikakhala pa msonkhano ndi akuluakulu a boma, mau ameneŵa tiwanene.

Palinso nkhani ya chinenero. Kuyambira 1993 mpaka 1997 Boma linayesa kuphunzitsa ana m'chinenero cha kwao, ndipo ku Tete anayesa ndi Chinyanja, chomwe tikulankhulachi. Kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziŵiri analoledwa m'masukulu a Boma. Mwana amayamba kuŵerenga m'chinenero cha amayi ake, Chipwitikizi n'kumaloŵa pang'onopang'ono. Mphunzitsi amene ana akumumva amasangalala ndi ntchito yake, chifukwa amaona zipatso. Tipemphe kuti masukulu athu alandire aphunzitsi odziŵa Chicheŵa ndi Chilomwe, pamodzi ndi mabuku ake.

MBALI YATHU

Tsopano tibwere ku zimene zili m'manja mwathu. Mutu umodzi susenza denga.

Timange nyumba ya aphunzitsi. Tikatha kukolola chimanga ndi nandolo, mvula itasiya, ndiyo nthaŵi youmba njerwa. Mudzi uliwonse wotumiza ana pa sukulupo upatsidwe chiŵerengero chake cha njerwa. Ena atunge madzi, ena aponde dothi, ena agwire chikombole, ena atute mchenga. Uvuni uotchedwe mvula isanayambe. Nyumbayo ikhale ndi chitseko chokhoma, khitchini, bafa ndi chimbudzi chake. Njerwa zikakhala zili pamalo, n'kosavuta kupita ku boma kukapempha malata ndi simenti. Wopempha atanyamula kale mbali yake amamveka msanga.

Tiganizire makamaka aphunzitsi aakazi. Mayi sangakhale m'nyumba yopanda chitseko, kutali ndi anthu. Nyumba yake ikhale pafupi ndi mabanja odalirika. Mtsikana akaona mayi ataima kutsogolo kwa kalasi, amadziŵa kuti nayenso angathe. Amakhalanso ndi munthu womuuza zimene sangauze mwamuna.

Timupatse munda. Mafumu athu, malo muli nao. Kamunda ka chimanga ndi kadimba ka ndiwo zimachepetsa ndalama zimene mphunzitsi amaononga. Ndiponso munthu amene wabzala nthochi safulumira kusamuka.

Timugulitse zinthu pa mtengo wa tonse. Chitini cha chimanga chikhale mtengo umodzi kwa mphunzitsi ndi kwa mnansi. Tikamudyera lero masuku pamutu, maŵa adzatisiyira sukulu yopanda munthu.

Timulandire ngati mbale. Akafika, amfumu amuonetse kwa anthu. Timuphunzitse moni wathu ndi miyambo yathu. Akadwala tikamuzonde. Mwana wake akadwala usiku, njinga ipezeke. Maliro akamugwera, tikhale naye. Pa 12 Okutobala ndi tsiku la aphunzitsi m'dziko muno, tsiku limene bungwe lao la ONP linakhazikitsidwa mu 1981. Tsiku limenelo tipite ku sukulu tikathokoze. Mau abwino sagulidwa.

Titumize ana tsiku lililonse. Palibe chimafooketsa mphunzitsi ngati kukonzekera phunziro usiku, m'maŵa n'kupeza theka la kalasi kulibe. Ena apita ku msika wa m'malire, ena akusoka fodya, ena akulera mwana, ena apita ku ganyu. Akabwerera patapita sabata ziŵiri, mphunzitsi ayenera kubwereza zonse. Ntchito za pakhomo zichitike ana akaŵeruka. Miyambo ya chinamwali ikonzedwe pa nthaŵi ya tchuthi.

Tiyang'ane makope a ana. Apa ndi pamene ife ophunzira a sukulu ya akulu tili ndi mwayi. Kale mwana akatisonyeza kope, tinali kungoona mizere. Lero tikutha kuŵerenga tsiku limene walemba. Tikutha kuona ngati aphunzitsi achonga. Madzulo alionse tifunse kuti, "Lero mwaphunzira chiyani? Tandiŵerengera." Mphunzitsi akadziŵa kuti makolo amaona ntchito yake, amailimbikira.

KHONSOLO YA SUKULU

Pa sukulu iliyonse ya Boma payenera kukhala khonsolo ya sukulu, imene pa Chipwitikizi amati conselho de escola. M'khonsolomo mumakhala mphunzitsi wamkulu, aphunzitsi, makolo, anthu a m'mudzi ndi ophunzira. Wapampando amasankhidwa pakati pa makolo kapena anthu a m'mudzi. Khonsolo imeneyi ndiyo pakamwa pathu.

Kuyambira 2003 Boma limatumiza ndalama molunjika ku masukulu a pulayimale. Ndalamazi zimatchedwa ADE. Ndi zogulira choko, makope, mapensulo ndi kukonzera zinthu zing'onozing'ono. Khonsolo iyenera kudziŵa kuti zafika zingati, ndipo zagula chiyani. Mphunzitsi amene ali ndi choko ndi bolodi labwino amagwira ntchito mosavutika.

Posankha a khonsolo, tisasankhe munthu chifukwa ndi wachibale kapena wolemera. Tisankhe amene amafika pa sukulu, amene saopa kufunsa, amene sagulidwa ndi botolo. Amayi akhalemo ambiri. Ndipo inu amene mwaphunzira kulemba muno, musakane mukasankhidwa.

Khonsolo ikhale ndi kope lake. M'kopemo alembe masiku amene mphunzitsi aliyense wabwera ndi amene sanabwere, ana amene asiya sukulu, ndi zimene zikusoŵa. Cholinga si kutchera aphunzitsi msampha. Wina akajomba, tiyambe tamufunsa chifukwa. Mwina akudwala. Mwina malipiro ake sanatuluke miyezi itatu. Zikatero, khonsolo ilembe kalata ku ofesi ya zamaphunziro ya boma lathu, imene imatchedwa SDEJT, kumuthandiza kudandaula. Kalata yokhala ndi tsiku, maina ndi manambala imalemera kuposa madandaulo a pa bwalo la moŵa. Mphunzitsi akaona kuti makolo amuimira pa vuto lake, sadzaiŵala.

Ndipo mphunzitsi wabwino akafuna kupitiriza maphunziro, tisamutsekereze. Masiku ano ena amaphunzira ali kutali, n'kumapita ku tauni pa nthaŵi ya mayeso yokha. Khonsolo ndi mphunzitsi wamkulu akonze kuti anzake agwirizire kalasi yake masiku amenewo. Ndi bwino kumusoŵa sabata imodzi kusiyana ndi kumutaya mpaka muyaya.

WABWINO NDI UTI?

Tikunena za kusunga mphunzitsi wabwino. Tisasokoneze. Si aliyense wovala malaya oyera a uphunzitsi amene ali wabwino.

Mphunzitsi wabwino amafika pa nthaŵi yake. Amakonzekera phunziro. Amadziŵa maina a ana ake. Amachonga makope. Samenya ana ngati ng'ombe. Satuma ana kukalima munda wake nthaŵi ya maphunziro. Chaka chikatha, ana ake amatha kuŵerenga, kulemba ndi kuŵerengera.

Koma amene amafika ataledzera, amene amafuna nkhuku kapena ndalama kuti mwana akhoze, amene amanyenga atsikana a sukulu, ameneyo tisamubise. Nkhani yoononga mwana isathere pa bwalo ndi mbuzi. Ipite kwa mphunzitsi wamkulu, ku ofesi ya zamaphunziro ndi ku polisi. Palinso nambala yaulere ya foni yothandiza ana, 116. Lamulo la 2019 limaletsa kukwatira kapena kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, kaya wokwatirayo ndi mlimi, wamalonda kapena mphunzitsi.

Kuchotsa woipa ndi njira inanso yosungira wabwino. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Munthu woongoka safuna kukhala pa sukulu ya mbiri yoipa.

ANA ATHU AKHALE APHUNZITSI

Pali njira ina yaitali, koma yodalirika. Mphunzitsi amene sachedwa kuzoloŵera ndi mwana wa konkuno. Chinenero akuchidziŵa. Matope a Januwale akuwadziŵa. Makolo ake ali pafupi, munda wake uli pafupi, manda a agogo ake ali pafupi.

M'chigawo cha Zambezia muli masukulu ophunzitsa aphunzitsi ku Quelimane, ku Nicoadala, ku Morrumbala ndi ku Alto Molócuè. Kuyambira 2019 pali maphunziro a uphunzitsi a zaka 3 kwa amene atsiriza kalasi 12. Kuti mwana wa ku Molumbo akafike kumeneko, ayenera kudutsa makalasi onse osasiyira panjira. Mtsikana amene tamukwatitsa ali kalasi 6 akanatha kukhala mphunzitsi wa adzukulu athu. Mnyamata amene tamutumiza kukagulitsa mafuta m'malire akanatha kukhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu yathu.

M'mera mpoyamba. Mudzi uliwonse uyang'ane ana ake anzeru, uwalimbikitse. Banja likalephera lokha, achibale asonkhe. Thumba la soya kapena la nandolo logulitsidwa chifukwa cha sukulu silinatayike.

MPHUNZITSI WATHU WA MUNO

Tisatsirize osatchula munthu amene amatiphunzitsa ife akulu. Iye amalandira kandalama kochepa, ndipo nthaŵi zina kamachedwa. Ali ndi munda wake ndi banja lake ngati ife. Chimene chimamusunga pano ndi kuona kuti tikubwera, ndipo tikupita patsogolo. Tikamajomba, naye adzafooka, ndipo kalasi idzatsekedwa. Zonse tanena za mphunzitsi wa ana zikukhudzanso iye. Tifike pa nthaŵi yake. Tiitane anzathu amene anasiya. Tisamalire mabuku.

Amayi ndi abambo, Boma limatumiza mphunzitsi, koma mudzi ndiwo umamusunga. Sabata ino, aliyense wa ife apite pa sukulu ya ana ake. Akaone pamene aphunzitsi amagona, kumene amatunga madzi, ndiponso akafunse tsiku la msonkhano wa khonsolo. Tikakumananso muno, tidzauzane zimene tapeza, ndipo tidzagaŵane ntchito.



MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Pa sukulu ya m'mudzi mwanu pali aphunzitsi angati? Ndi angati akhalapo zaka zopitirira 3?

2. Aphunzitsi amene anachoka, anachoka chifukwa chiyani?

3. Pa sukulupo pali nyumba zingati za aphunzitsi? Pakufunika zingati?

4. Kodi mukuwadziŵa a khonsolo ya sukulu yanu? Anakumana liti komaliza?

5. Ndi ntchito ziti za Boma, ndipo ndi ziti zathu?

NTCHITO YOLEMBA

Lembani m'kope mwanu ziganizo izi:

Mphunzitsi ndi mnansi wathu.

Tiumbe njerwa za nyumba ya aphunzitsi.

Mwana wanga apita ku sukulu tsiku lililonse.

Tsopano ŵerengerani: midzi 4 yagwirizana kuumba njerwa 8,000. Mudzi uliwonse uumbe njerwa zingati?